Tsabola wakale sawawa? Zinthu zakale zimene zikukana kufa mu Lilongwe

Sabata ino tipumuleko pa nkhani za mbewu ndi mitengo ya feteleza, tikambe mbiri. Achinyamata amakonda kutigwetsa ndi mwambi woti tsabola wakale sawawa, kutanthauza kuti zathu zija zinapita. Ndiye lero ndati tiyende limodzi mu Lilongwe, tiyambire ku Old Town, tikwere ku City Centre, tikathere kumayadi, tikuwerenga zinthu zimene anthu analengeza kalekale kuti zatha ntchito koma mpaka lero zikadalipo. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye amene bando yawo ili pafupi kutha asunge kaye, adzawerenge madzulo.

Choyamba tidziwe kuti tawuniyi ndi ya misinkhu iwiri. Kumene timati ku Old Town lero, makolo athu ankangoti ku Bwaila kapena kuboma. Azungu anakhazikitsa boma pamenepo m'chaka cha 1904, m'dera la mfumu Njewa, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Chimene chinakulitsa malowa ndi ife alimi. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa chikopa anafala m'chigawo chapakati, mzungu wina dzina lake Barron atatsegula esiteti ku Mbabzi ndi kuyamba kugawira anthu a m'midzi mbewu. Fodya anabweretsa ndalama, ndalama zinakoka amwenye ndi masitolo awo, ndipo pofika 1947 Lilongwe anazindikiridwa kuti ndi tawuni. Kenaka mu 1965 Kamuzu anaganiza zochotsa likulu ku Zomba. Mu 1968 anakhazikitsa bungwe la CCDC loti limange mzinda watsopano, ndalama zoyambira anakongola ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. City Centre ndi Capital Hill zinamangidwa patchire, kumpoto kwa tawuni yakale. Dzina loti Old Town linabwera chifukwa cha zimenezo. Koma taonani lero kumene kumadzaza anthu. Amene amagwira ntchito ku City Centre omwewo, akafuna nsapato, nyemba, sipeya ya galimoto kapena basi yopita kumudzi, amatsetserekera ku tawuni yakale. Ndiye chinthu choyamba chakale chimene chakana kufa ndi Old Town yeniyeniyo.

Tiyambe ndi mayina, poti dzina ndi lochedwa kufa kuposa mwini wake. Chipatala cha Bwaila anachisintha dzina, koma mukakwera minibasi mumvabe anthu akuti nditsika pa Botomu. Ana ambiri sadziwa kuti dzinali linachokera pa tsankho. Nthawi ya atsamunda kunali chipatala chakumtunda cha azungu, ndi chakumunsi cha ife anthu akuda, ndiye Bottom imeneyo. Tsankho lija linapita, dzina linatsala m'kamwa. Chimodzimodzi ku Old Airport. Ndege za anthu apaulendo zinasamukira ku Lumbadzi kalekale, koma dera lija likutchedwabe bwalo la ndege lakale. Pa msewu wopita ku Dedza pali malo otchedwa Six Miles, chonsecho zikwangwani za boma zimawerenga makilomita. Funsani mwana wa sukulu kuti mailosi imodzi ndi yotalika bwanji, akuyang'anani ngati mwalankhula Chigiriki, koma pa Sikisi akupadziwa bwinobwino.

Ife alimi ndiye akatundu pa nkhani yosunga miyezo yakale. Alangizi amabwera ndi mapepala olembedwa mahekitala, ife timayankha ndi maekala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndipo ekala timaiyeza ndi mapazi, masitepe 70 uku ndi 70 uku. Izi sizoseketsa zokha ayi. Munthu akasokoneza ziwirizi, feteleza wa hekitala amuthira pa ekala, kapena mankhwala a ekala awamwaza pa hekitala, mbewu n'kupserera kapena mbozi osafa. Thumba nalo linasintha. Makolo athu pogulitsa ku Farmers Marketing Board, imene inadzasanduka ADMARC mu 1971, ankadziwa thumba la chiguduli la mapaundi 200, lomwe ndi pafupifupi makilogalamu 90. Lero thumba ndi la 50. Ndiye agogo akamakuuzani kuti ankakolola matumba khumi pa munda umene inu mukupeza khumi ndi asanu, musafulumire kudzitama, werengani kaye bwino.

Mukalowa mumsika waukulu ku Old Town, kapena kuwoloka timilatho tamitengo tolipira tija pakati pa Tsoka ndi Lizulu, muona kuti sikelo ilipo koma mfumu ya miyezo ndi ndowa, faifi lita, mbale ndi mulu. Bungwe loona za miyezo la MBS lilipo kuyambira 1972, masikelo a manambala ali ponseponse, koma mayi wogula ufa wa madzulo amakhulupirira chimene akuona ndi maso. Vuto lake ndi lakuti ndowa ili ndi nkhope ziwiri. Pogula kwa mlimi kumudzi, mavenda ena amabwera ndi ndowa yomenyedwa pansi kuti itanuke, ndipo amadzaza mpaka phiri pamwamba. Pogulitsa m'tawuni ndowa ija imakhala ina, yophwanyidwa matako, yosefukira msanga. Apa ndi pamene chinthu chakale chimatidya ife tomwe. Sikelo nayo amaikhota, inde, koma sikelo ungathe kuiyesa ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Ndowa uiyesa ndi chiyani?

Pali kanthu kena koseketsa pa nkhani ya ufa. Kajumbo kakang'ono ka ufa wophika kamodzi, kamene anthu ovutika m'tawuni amagula madzulo, amakatcha wokumani. Dzinali ndi la kawailesi ka kaseti konyamula m'manja, Walkman, kamene kampani ya Sony inatulutsa mu 1979. Kaseti inafa, kawailesi kaja simungakapezenso ngakhale pa Tsoka, koma dzina lake likudyetsa ana ku Mchesi ndi ku Kawale tsiku ndi tsiku.

Pa makonde a masitolo a amwenye ku Area 2 ndi m'mbali mwa msewu wa Malangalanga mupeza atelala atakhala pa makina opalasa ndi mapazi, ena a Singer, ena otengera mtundu womwewo. Makinawa ena ndi akulu kuposa amene akuwapalasa. Kaunjika atafala, anthu ankati atelala basi atha. Koma kaunjika yemweyo ndiye anawapatsa ntchito, chifukwa buluku la mzungu wa ku Ulaya silikwana Mchewa popanda kulibweza m'chiuno ndi kulidula miyendo. Onjezani mayunifolomu a sukulu, a Mvano ndi a makwaya, komanso zitenje za pa chinkhoswe. Ndipo chinsinsi chachikulu n'chakuti makina amenewa safunsa ngati magetsi alipo. Sungani mawu amenewa, tiwapezanso kutsogoloku.

Tsopano tikwere ku City Centre, kumene kuli nyumba ya Reserve Bank. M'malamulo a dziko lino, kwacha imodzi ndi matambala 100. Ndalama imeneyi inayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, ndipo paundi imodzi inkasinthidwa ndi makwacha awiri. Tamvani bwino pamenepo, makwacha awiri okha. Mayina ake anali a ndale za ufulu, kwacha kutanthauza kuti kunja kwayera, tambala ndiye wolengeza m'bandakucha. Ife amene tinakula m'ma 1970 ndi m'ma 1980 tinagwirako wani tambala, thu tambala, faifi, teni ndi twente tambala, ndipo mwana ukapatsidwa teni tambala unkayenda chonyada pa golosale. Lero tambala anatsala pa mapepala a kubanki ndi pa malisiti a m'masitolo akuluakulu, pamene amalemba kadontho ndi manambala awiri kumapeto. Palibe amene angakubwezereni chenji cha matambala. Ngakhale makobidi a K1, K5 ndi K10, mukapatsa kondakitala akuponyerani. M'malo mwake anatibweretsera K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016 ndi K5,000 mu 2022. Mbiri ya tambala ndi mbiri ya thukuta la mlimi. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasunga ndalama za fodya m'chitini anadzuka ali ndi mapepala omwewo koma feteleza wochepa. Amene anasunga mbuzi anaseka. Khola la mbuzi ndi banki yakale kwambiri, koma silinagwepo ndi chilengezo cha pa wailesi.

Ndalama za atsamunda nazo sizinachoke m'chilankhulo. Timatibe ndilibe ngakhale khobidi, chonsecho khobidi lenilenilo, lija la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lokhala ndi chiboo pakati, ambiri sanalionepo. Agogo ankalipisa pa chingwe n'kumanga m'chiuno.

Pafupi pomwepo pali positi ofesi. Onani makalata a maunduna ndi mabungwe, mupeza P.O. Box kapena Private Bag, kenaka Lilongwe 3. Nambala 3 imeneyo ndi positi ya ku City Centre, 2 ndi ya ku Kawale, 4 ndi ya ku Kanengo. Kale positi inali mtsempha wa mudzi. Amuna akapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, kapena ku Halale, kalata ndi ndalama zinkadzera pa keyala ya sukulu kapena ya mishoni. Aphunzitsi aakulu ankaitana mayina pa mzere, mwana n'kuthamanga nayo kalata kunyumba, n'kukawawerengeranso amayi ake. Maliro ankamveka pa telegalamu, mawu ochepa chifukwa liwu lililonse linali ndi mtengo. Kenaka TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain kenaka Airtel. M'chaka cha 2000 nthambi ya positi ndi ya matelefoni zinapatukana, kukhala Malawi Posts Corporation ndi MTL. Airtel Money itabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndalama zinayamba kufika kumudzi nsima isanapse. Nanga bokosi la ku positi likutani mpaka lero? Yesani kudzaza fomu ya kubanki, ya sukulu kapena yofunsira ntchito, mupeza mzere wofunsa keyala. Anthu a kumudzi timalembabe bokosi la sukulu ya pulaimale imene tinasiya zaka makumi anayi zapitazo, ngakhale tikudziwa kuti palibe kalata idzabwere. Ndipo foni ya m'thumba ena timaitchabe lamya, dzina la nthambo zija zinkayenda pa mitengo m'mbali mwa msewu.

M'maofesi a boma ndiye muli mfumu ina yakale, chidindo. Makompyuta ali pa tebulo lililonse, koma pepala lopanda chidindo cha inki ndi siginecha ndi pepala wamba. Mafayilo omanga ndi kachingwe adakaunjikidwabe m'mashelefu. Mu 2017 boma linalemba anthu m'kaundula wa chiphaso cha unzika, ndipo mu 2020 makuponi a pepala a feteleza, amene anayamba mu 2005, analowedwa m'malo ndi chiphasochi pa pulogalamu ya AIP. Cholinga chinali chabwino, kutseka makuponi achinyengo. Koma alimi m'madera ambiri anaphunzira mawu atsopano oti netiweki yavuta, ena mpaka kugona pa depoti mvula ikugwa, chimanga chikudikira kumunda. Kuponi ya pepala inali ndi akuba ake, koma sinkadikira netiweki. Ndipo mpaka pano, ukafuna kutsimikiza kuti ndiwe wa m'mudzi wakuti, kalata ya a nyakwawa yolemba pamanja, yokhala ndi chidindo, imatsegula zitseko zimene foni singatsegule.

Tiyeni tsopano kumayadi, ku Area 3, 9, 10, 12, 43 ndi 47, kumene mipanda ndi yaitali ndipo agalu amadya bwino. Manambala a ma Area amasokoneza alendo chifukwa sanatsate kuyandikana kwa malo. Mzinda unakonzedwa pa pepala, mayadi aakulu pawokha, nyumba zapakati pawokha ngati ku Area 18, ndipo anthu wamba kutali, kumene ankapatsidwa puloti kuti adzimangire okha. Mapulani amenewa anaganizira munthu wa galimoto. Ndiye chifukwa chake m'mawa uliwonse mumaona mizere ya anthu oyenda pansi ndi a njinga za kapalasa, alonda, olima maluwa ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba, akuchokera ku Mtandire, ku Kauma, ku Senti ndi ku Mgona kulowera kumayadi.

Kuseri kwa pafupifupi nyumba iliyonse yakale ya kumayadi kuli kanyumba kotchedwa boyizikota. Mawu amenewa ndi a nthawi imene mzungu ankaitana bambo wa imvi kuti boyi. Azungu aja anapita mu 1964, koma kanyumbako kanamangidwabe m'mapulani a likulu latsopano, ndipo dzina silinasinthe. Lero tina mwa tinyumbati timachititsidwa lendi kwa anyamata oyamba kumene ntchito, tina mukukhalabe antchito ndi mabanja awo, chipinda chimodzi kapena ziwiri. Ana ambiri ochokera m'midzi yathu ino amathera m'menemo. Pa zinthu zonse zakale zimene ndatchula, ichi ndi chimodzi chimene ine ndingakonde chitasintha, osati nyumbayo ayi, koma mtima woona wantchito ngati mwana wosakula.

Koma chimene chingakudabwitseni kumayadi ndi mbaula. Nyumba ya matailosi, kukhitchini kuli kuka ya magetsi ya mbale zinayi, koma pakhonde lakuseri pali mbaula ndi thumba la makala, pambali pake simbi ya makala yosungira tsiku loipa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, dziko lonse limalowa mumdima. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Masiku amenewo bwana ndi mlonda wake ankaphikira pa moto wofanana. Nyemba ndi nsima ya banja lalikulu, ngakhale magetsi alipo, ambiri amaphikabe pa makala poopa kutha mayunitsi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife akumudzi kwambiri. Makala amene amayaka kumayadi ndi m'makomboni a Lilongwe, ambiri amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama. Anyamata amakankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi usiku wonse kuti afike m'tawuni kusanache. Koma Dzalanyama yemweyo ndiye gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipopi ya mumzindawu. Ndiye munthu wa kumayadi akamagula thumba la makala, akudula yekha paipi ya madzi ake a mawa. Boma linafika potumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, malamulo a zankhalango anawakhwimitsa, ndipo amene amagwidwa ndi kulandidwa njinga ndi mnyamata wa kumudzi. Wogula uja sagwidwa. Mbaula sidzatha ndi chikwapu. Idzatha tsiku limene gasi ndi magetsi zidzakhale zodalirika ndi zotsika mtengo, komanso mnyamata uja akadzapeza china chogulira sopo.

M'mayadi momwemo muli mtondo ndi munsi. Chigayo chinalanda ntchito yokonola ndi kupera chimanga, koma nsinjiro zothira mu nkhwani ndi chigwada chosinja bwino zimafunabe mtondo. Muli wailesi ya mlonda pa geti. MBC inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri inali yokhayo. Tinakulira pa wailesi za Nzeru zopangidwa konkuno, kumvera Kapalepale ndi Pamajiga, mabatire akafooka n'kuwayanika padzuwa. Kanema wa TVM anabwera mu 1999, Zodiak mu 2005, kenaka Facebook ndi WhatsApp. Koma zotsatira za chisankho zikamalengezedwa, kapena Flames ikamasewera magetsi atazima, onse amakhamukira pa kawailesi ka mlonda.

Ndipo muli khasu. Dzinja likafika, yendani m'misewu ya likulu muone. Mapuloti osamangidwa, m'mbali mwa Lingadzi, kuseri kwa mipanda, paliponse pali mizere ya chimanga, ngakhale a khonsolo amaletsa. Mizere yomweyi ili ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 atsamunda ankakakamiza makolo athu kusiya matutu ndi kulima mizere yopingasa, wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nawo malimidwe amenewo mpaka anathandiza kukoleza moto wa ndale za ufulu. Lero alangizi akutiuza za ulimi wa mtayakhasu, kuti tisiye kugalauza nthaka tiziphimbira ndi mapesi, ndipo ife tikukakamira mizere ija makolo ankaikana. Mu 1968 pulojekiti yaikulu ya chitukuko cha ulimi ya Lilongwe, yothandizidwa ndi World Bank, inabweretsa misewu ya m'midzi, mijigo, ngongole za alimi ndi kulimbikitsa ngolo ndi makasu a ng'ombe. Anthu ankati mathalakitala ali m'njira. Zaka zoposa makumi asanu zapita, ngolo ikadali galimoto ya mudzi, yonyamula chimanga, njerwa, odwala ndi maliro, ndipo khasu la m'manja ndi limene likudyetsa likulu lonse, kuyambira ku Mgona mpaka ku Capital Hill.

Khasu ndimalilemekeza, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Koma musamve ngati ndikuliyamikira kuti likhale mpaka kalekale. Msana wa munthu wa zaka makumi asanu umadziwa mtengo wake. Khasu silinakhalitse chifukwa choti ndi labwino kuposa thalakitala. Lakhalitsa chifukwa minda yathu ikuchepa pogawana, mafuta ndi okwera, ndipo mlimi wa ekala imodzi alibe pogwira. Mukaonetsetsa, zinthu zambiri zimene tayenda nazo lerozi zili choncho. Makina a telala, mbaula, wailesi ya mabatire, kalata ya a mfumu, khola la mbuzi, zonsezi zimagwira ntchito popanda magetsi, popanda netiweki, popanda ndalama zakunja, ndipo zikaonongeka amazikonza pansi pa mtengo. Chatsopano chikabwera n'kumagwira ntchito tsiku lililonse, chakale chimachoka chokha popanda wochithamangitsa. Ndani analetsa telegalamu? Ndani anaika lamulo loti koloboyi azimitsidwe? Tochi ya ku China ndi kasola ka padenga zitafika, koloboyi anapita yekha kukagona.

Ndiye achinyamata, musanaseke agogo anu ndi simbi yawo ya makala, funsani kaye kuti n'chifukwa chiyani bwana wa ku Area 10 nayenso ali nayo. Ndipo inu a m'tawuni amene mumawerenga tsamba lino, mukamagula makala kapena chimanga cha pa ndowa, muzikumbukira kumene zachokera ndi amene wazisenza.

Kwanuko kuli chiyani chimene anthu anati chatha koma chikugwirabe ntchito? A ku Mitundu, a ku Nsundwe, a ku Nathenje, ndi inu muli ku Joni, tandiuzeni m'munsimu. Amene muli ndi khobidi lachiboo m'nyumba, lijambuleni muike pano ana alione. Sabata yamawa tibwerera kumunda, tidzakambe za nkhokwe ndi matumba osungira chimanga popanda mankhwala.